Thandizo la boma limatsata chitupa

Ntchito yokolola ikatha m'boma la Chimbonila, nyemba ndi mbatata ya kachewere zitagulitsidwa ku Lichinga, anyamata ambiri amayamba kumanga katundu. Ena amadzera ku Mandimba n'kuwoloka pa Chiponde kukafuna ganyu m'minda ya fodya ku Malawi. Ena amakwera sitima ya ku Cuamba, mtima uli ku Nampula, ku Maputo, mwinanso ku Joni. Nthawi yomweyo m'midzi mumafika obwerera, wina pa njinga yamoto yonyezimira, wina ali chimanjamanja, wina akutsokomola usiku wonse.

Makolo amafunsa kuti, "Kodi mwana wanga akaona mavuto kunjako, boma lingamuchitire chiyani? Nanga akabwerera wopanda kanthu, adzalowera kuti?" Yankho loona ndi lakuti thandizo lilipo, ngakhale ndi lochepa ndipo limachedwa. Koma lochepalo limapita kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula. Wopanda pepala boma silimuona, ngakhale alire chotani.

Akuluakulu a dera lino adaziona ndi maso zimenezi. Pa nthawi ya nkhondo, dziko la Malawi lidasunga anthu a ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi, ndipo ambiri a ku Niassa adathawira m'maboma a Mangochi ndi Machinga. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adabwerera kwawo kuchokera m'maiko oyandikana nawo, ndipo ntchitoyi idatha mu 1995. Boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR adagawa chakudya, mbewu ndi makasu, adakumba zitsime ndi kukonza masukulu ndi zipatala. Koma ana ambiri obadwira ku Malawi adabwera osalembetsedwa kulikonse. Ena mwa iwo lero ndi abambo ndi amayi a m'nyumba zawo, ndipo amadzazindikira vutoli tsiku lomwe mwana wawo akufunika chikalata cha kubadwa kuti alembe mayeso.

Choncho ulendo wabwino umayambira ku ofesi ya kaundula, osati pa siteji ya basi. Munthu ayambe walembetsa kubadwa kwake ku Registo Civil, kenaka atenge chitupa cha unzika chomwe anthu amachitcha BI, ndipo pomaliza akatenge pasipoti ku ofesi ya SENAMI ku Lichinga. Izi zimadya ndalama ndi nthawi, koma ndi zochepa poyerekeza ndi zomwe amalipira kwa amene amawolotsa anthu m'njira zachidule usiku. Amenewa amalonjeza ntchito yabwino ndi malo ogona, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dziko lino lili ndi lamulo la 2008 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, ndipo aliyense amene akusonkhanitsa achinyamata, makamaka atsikana, popanda kunena poyera dzina la bwana, malo a ntchito ndi malipiro ake, ayenera kunenezedwa kwa mfumu ndi kupolisi.

Palinso chinthu chimodzi chomwe ambiri opita ku Joni sachimvetsa. Kuyambira mu 2005, nzika ya Mozambique imalowa mu South Africa ndi pasipoti yokha popanda viza, koma masiku ake ndi 30 basi, ndipo chidindo chimenechi ndi cha mlendo, si chilolezo chogwirira ntchito. Malinga ndi malamulo omwe dzikolo lidakhwimitsa mu 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, mwinanso mpaka zaka zisanu. Wogwidwa alibe mapepala amatha kutsekeredwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kuti amubweze kwawo. Katundu yense amene adamuvutikira amatsala m'kachipinda ka lendi.

Wofika bwino kunjako asadzibise kwa boma lake. Mozambique ili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi maofesi ena aang'ono ku Johannesburg ndi ku Nelspruit. Ku Malawi ofesi ya kazembe ili ku Lilongwe. Kumeneko munthu amalembetsa dzina lake, amalembetsa mwana wobadwira kunja, ndipo pasipoti ikatayika amapempha chikalata chobwerera nacho kwawo. Kulinso bungwe la boma la INACE lomwe ntchito yake ndi kuyang'anira nzika zokhala kunja. Ambiri amaona ngati kulembetsaku n'kutaya nthawi, mpaka tsiku la tsoka litafika. Mu May 2008, pamene anthu a ku South Africa adaukira alendo, anthu 62 adaphedwa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, amene adatenthedwa wamoyo. Chipwirikiti chidabukanso mu April 2015. Maulendo onse awiri boma lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Pa nthawi yotere, ndiponso pamene munthu wamwalira ndipo thupi likufunika kubwera kumudzi, wodziwika ku ofesi ya kazembe savutitsa abale ake ngati wosadziwika.

Nanga bwana akakana kulipira? Ku South Africa kuli bungwe la CCMA lomwe limamva milandu ya pakati pa antchito ndi mabwana awo popanda kulipiritsa, ndipo khoti la za ntchito la dzikolo lidagamula mu 2008 kuti mlendo amene wagwira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ngakhale chilolezo chake chitatha. Ku Malawi nako, lamulo la ntchito lomwe lidakonzedwanso mu 2021 lidathetsa dongosolo la mateneti, lija lakuti banja lonse lilime fodya chaka chathunthu likudya ufa wangongole n'kudzawerengerana ndi mwini esiteti fodya atagulitsidwa. Wolima pa esiteti ayenera kulandira malipiro ngati wantchito wina aliyense, ndipo akaponderezedwa akadandaule ku ofesi ya za ntchito ya pa boma. Koma kulikonseko funso loyamba ndi limodzi: umboni uli kuti? N'chifukwa chake wantchito wanzeru amasunga kalata ya ntchito, timapepala ta malipiro, ngakhale kabuku kamene amalembamo yekha masiku omwe wagwira ndi ndalama zomwe walandira.

Nkhani ya madala a kumigodi ndiyo ikuonetsa bwino mtengo wa pepala lakale. M'nthawi ya atsamunda, kampani ya Wenela inkalemba anthu ntchito kumwera kwa dziko lino kokha, kotero ena a kumpoto kuno ankadzera ku Nyasaland kuti akwere nawo ulendo wa kumigodi. Ambiri adabwerera ndi chifuwa chachikulu kapena matenda a fumbi la miyala omwe amaumitsa mapapo pang'onopang'ono. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wakuti makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide, kuphatikizapo Anglo American, Harmony ndi Gold Fields, apereke ndalama zokwana 5 biliyoni za ku South Africa ngati chipukutamisozi. Ndalamazi zikuyendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019 n'kudwala matenda amenewa. Ngati mwini wake adamwalira, mkazi wake kapena ana ake akhoza kupempha.

Chofunika kwambiri pamenepa ndi nambala ya ntchito ya kumgodi, makadi a TEBA, mapepala a kuchipatala, ndi kalata ya imfa ngati munthuyo adatisiya. Mabanja amene ali ndi sutikesi yakale ya agogo aitsegule asanaitaye kapena kuyatsira moto mapepala ake. Ndipo aliyense adziwe kuti kupempha chipukutamisozichi n'kwaulere. Munthu wobwera m'mudzi ndi chikwama n'kumati mupereke kangachepe kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba. Nthawi yopemphera ili ndi malire, choncho kuzengereza sikuthandiza.

Pasakhale wonamiza anthu kuti pepala lokha limatsegula makomo onse. Pali anthu aja amatchedwa Madjermane, amene boma lidawatumiza kukagwira ntchito ku East Germany potsatira pangano la 1979. Gawo la malipiro awo, mpaka kufika 60 pa 100 iliyonse, linkadulidwa ndi lonjezo lakuti adzalandira akabwerera kwawo. Adabwerera mu 1990, ndipo kwa zaka zoposa 30 akhala akuguba m'misewu ya Maputo kufunsa ndalama zawo. Nkhani yawo ndi manyazi kwa boma. Komabe chomwe chawathandiza kuti asaiwalike ndi chakuti adasunga mapepala awo ndipo adagwirizana n'kumayankhula ngati gulu. Akadakhala aliyense payekha, opanda umboni, bwenzi nkhaniyo itakwiriridwa kalekale.

Tsono wobwerera kumudzi agogode pati? Ngati ndi nkhalamba yopanda woisamala, wolumala kapena wodwala matenda a mgonagona, dzina lake lipite ku INAS kudzera kwa atsogoleri a m'mudzi, chifukwa bungweli ndi lomwe limapereka kandalama kothandizira osowa. Kandalamako n'kochepa ndipo nthawi zina kamachedwa miyezi, koma wosalembetsa salandira n'komwe. Ngati wabwera ndi kampamba n'kutsegula okala, ukalipentala kapena kabaza, akhoza kulembetsa yekha ku INSS n'kumasonkha mwezi ndi mwezi kuti adzakhale ndi penshoni. Ngati ali ndi mlandu koma alibe ndalama za loya, bungwe la IPAJ lidakhazikitsidwa kuti liimire anthu osauka kwaulere. Wobwera akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV asadikire kuti mankhwala athe. Apite msanga kuchipatala ndi khadi lake la kunja kuti apitirize pomwe adalekezera.

Nkhani ina yomwe imadanitsa abale ndi ya minda. Munthu amachoka zaka zisanu ndi ziwiri, pobwera n'kupeza munda wake walimidwa ndi wina, mwinanso walowa m'nkhalango ya paini ya kampani. Lamulo la malo la 1997 lidavomereza kuti munthu amene adapeza malo motsata mwambo wa kwawo ali nawo ufulu ngakhale alibe chikalata, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umamveka. Koma umboni umafuna mboni. Wopita kutali asiye munda wake m'manja mwa munthu wodziwika, pamaso pa mfumu ndi akuluakulu, ndipo mawuwo alembedwe. Amayi otsala pakhomo nawonso adziwe kuti lamuloli silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Achibale a mwamuna alibe mphamvu yowalanda munda chifukwa chakuti bambo adatchona ku Joni.

Mbali ina ya udindo ili kwa boma lenilenilo. Chimbonila lidakhala boma palokha mu 2013, koma zambiri mwa zinthu zimenezi munthu amazipezabe ku Lichinga, ndipo wochokera ku Lione kapena m'midzi ya m'malire amataya ndalama ya thiransipoti kawiri katatu asanathandizidwe. Akuluakulu a boma achulukitse maulendo a magulu olembetsa anthu m'midzi, makamaka m'miyezi yokolola pamene anthu ali ndi kandalama ndipo achinyamata sadanyamuke. Mafumu ndi alembi a m'midzi asunge buku la amene apita kunja, komwe apita ndi nambala za lamya zawo. M'mizikiti ndi m'matchalitchi nkhanizi zilengezedwe m'Chiyao ndi m'Chinyanja, osati m'Chipwitikizi chokha.

Palibe amene angaletse mnyamata kupita kukasaka, pakuti umphawi ndiwo umamutuma. Koma kholo lisanamupatse ndalama ya basi limufunse ngati BI ndi pasipoti zili m'thumba, ndipo zithunzi za mapepala amenewa zitsale pakhomo, zosungidwa bwino pamalo osafika chiswe ndi mvula. Safunsa adadya phula.