Mtengo wa mankhwala unatsika, nanga kuwerenga?

Aphunzitsi anzanga, mu Febuluwale 2001 kampani ya ku India ya Cipla inauza bungwe la MSF kuti izigulitsa ma ARV a munthu mmodzi pa madola 350 pachaka, pomwe makampani ena ankagulitsa pa madola oposa 10,000. Mu 2003 boma la Zimbabwe linalola kampani ya Varichem ya ku Harare kupanga mankhwalawa, ndipo mu 2004 chipatala cha Mpilo kuno ku Bulawayo chinayamba kuwapereka. Ena amati makampani amangofuna msika. Kaya, koma ine ndaona anthu a ku Luveve kuno amene tinkati basi atisiya, akudzuka n'kubwerera kuntchito.

Komabe ntchito ya kampani imathera pa windo la chipatala. Mayi wina m'kalasi langa la akuluakulu, mwana wa mtchona wochokera ku Dedza, ankaphonya tsiku lokatenga mankhwala chifukwa deti la pakhadi silinkawerengeka kwa iwo. Kufunsa ana awo ankachita manyazi. Pajatu kumwa ma ARV modumphadumpha kumachititsa kuti kachilombo kasiye kumva mankhwala.

Apa ndiye pathu. Tengani kalendala, wotchi ndi botolo lopanda kanthu. Phunzitsani manambala, miyezi ndi nthawi kwa kalasi lonse, osafunsa kuti akudwala ndani.

Taganizirani: mwa ophunzira anu, ndi angati angawerenge okha tsiku lobwerera kuchipatala?