Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Bungwe la MEPA: Mtovu wa mu Mudi ndi Nthanga za Chammwamba



Palibe chifukwa chowafotokozera a Mkulu kumene mtsinje wa Mudi umadutsa, popeza aliyense amene anawolokapo mlatho wa pafupi ndi msika wa Blantyre m'mwezi wa Okutobala amaudziwa mtsinjewu ndi mphuno asanauone ndi maso. Koma fungo limachenjeza munthu n'kupatuka, pamene zitsulo zapoizoni zimene zimasungunuka m'madziwo, monga mtovu, cadmium ndi chromium, zilibe fungo, sizioneka, siziola ngati zinyalala zina, ndipo zikalowa m'thupi zimaunjikana m'mafupa, mu impso ndi m'chiwindi kwa zaka zambiri. Mtovu umaononga ubongo wa mwana kotero kuti amakula wosagwira bwino za m'kalasi, ndipo n'chifukwa chake bungwe la WHO linaika malire akuti lita imodzi ya madzi akumwa isapitirire mamiligalamu 0.01 a mtovu ndi 0.003 a cadmium. Mayi amene amawiritsa madzi kapena kuthiramo klorini amapha tizilombo ta kolera, koma mtovu umatsala momwemo, ndipo madzi akaphwerako pamoto umachuluka m'otsalawo.

Chimene chikuwawa kwambiri n'chakuti nkhaniyi inafufuzidwa kalekale, ndi Amalawi, m'madzi a ku Malawi konkuno. Mu 2007 akatswiri a Yunivesite ya Malawi, mwa iwo a Samson Sajidu ndi a Wellington Masamba, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa mitsinje ya mu Blantyre ndi malo ake oyeretsera madzi a m'masuweji, ndipo anapeza kuti mitsinjeyo ikangodutsa m'madera a mafakitale imakhala ndi mtovu ndi zitsulo zina zopitirira malire a WHO. Sanathere pa kudandaula. Mu 2005 ndi mu 2006 gulu lomwelo linali litaonetsa kale kuti ufa wa nthanga za chammwamba umachotsa mtovu ndi cadmium m'madzi, ndiponso kuti mtundu wina wa mtengowu, wa Moringa stenopetala umene kwawo ndi ku Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya, umagwira mtovu kuposa wa Moringa oleifera umene wadzaza m'mipanda ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Kumbuyo kwa zonsezi kuli chaka cha 1994, pamene akatswiri a Yunivesite ya Leicester ya ku Britain anayesa ufa womwewu pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo m'nyengo ya mvula, madzi a mumtsinje ali ofiira ndi matope, ndipo anayera mofanana ndi mmene amayerera ndi mankhwala a alum amene dziko limagula kunja ndi ndalama zakunja zimene limati lilibe. Kuchokera mu 1994 papita zaka zoposa 30, kuchokera mu 2007 papita zaka zoyandikira 20, a Sajidu anakwera mpaka kutsogolera Yunivesite ya Malawi, lamulo la zachilengedwe la 1996 linalowedwa m'malo ndi la 2017 limene linakhazikitsa bungwe limene a Mkulu akuliyendetsa, koma Mudi akusinthabe mtundu malinga ndi zimene zatayidwamo tsikulo.

Mmene ufawu umagwirira ntchito si matsenga. Nthanga zikauma zimasendedwa, kusinjidwa ndi kusefedwa, ndipo ufa wake uli ndi mapuloteni amene akasungunuka m'madzi amakoka tinthu ta matope n'kutimanga timibulu tolemera timene timamira pansi. Pamwamba pa tinthu ta ufawo palinso malo amene zitsulo zosungunuka zimakakamira, ndipo kukakamira kwa chitsulo pa chinthu chochokera ku chomera n'kumene akatswiri amakutcha biosorption. Kuchuluka kwa asidi m'madzi ndiko kumalamula zonse, pakuti madzi akakhala ndi asidi wambiri malo aja amadzazidwa ndi asidiyo ndipo chitsulo chimasowa pogwira, kotero kuti njirayi imafuna munthu wodziwa kuyeza madzi asanathiremo kanthu. Mankhusu a mpunga, zitsononkho, zotsalira za nzimbe zimene zimaunjikana ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komanso makala opangidwa kuchokera ku zinthu zimenezi, zimagwiranso zitsulo mwanjira yofanana. Ngakhale namasupuni, amene ku Liwonde amavuulidwa ndi makina chifukwa chotseka makina a magetsi a pa Shire, mizu yake imayamwa zitsulo akabzalidwa m'maiwe otchingidwa bwino.

Apa m'pamene udindo wa bungwe la MEPA ukuonekera, chifukwa njirayi siyoti n'kungoilengeza pawailesi kuti aliyense azisinja nthanga pakhomo pake. Chitsulo sichitheratu, chimangosamuka kuchoka m'madzi kulowa mu ufa, ndipo nsenga zotsala pansi pa thanki zimakhala poizoni woyenera kukwiriridwa pamalo otetezeka kapena kusukidwa ndi asidi kuti chitsulo chichotsedwemo. Namasupuni amene wayamwa cadmium akaperekedwa kwa nkhumba kapena akasandutsidwa manyowa, poizoniyo amabwerera m'mbale kudzera ku nyama ndi ku ndiwo zamasamba. Madzi oyeretsedwa ndi chammwamba nawonso sasungika nthawi yaitali, popeza zotsalira za ufawo zimadyetsa tizilombo. Malo oyenera a njirayi ndi pakamwa pa paipi ya fakitale, madzi oipa asanafike mumtsinje, pamene zitsulo zikadali zambiri m'madzi ochepa ndipo mwini wake akudziwika ndi dzina.

Kumunsi kwa mzinda kuli madimba a mpiru, chayinizi ndi tomato amene amathiriridwa ndi madzi a Mudi omwewa, ndipo ndiwozo zimalowa m'misika m'mawa uliwonse zitawazidwa madzi kuti zioneke zanthete. Wogula sangadziwe, wolima sangadziwe, ndipo amene angadziwe ndi okhawo amene ali ndi zipangizo zoyezera ndi mphamvu za lamulo.

Mwina a Mkulu akudikira tsoka looneka bwino pa kanema. Aneba a ku Zambia analiona pa 18 February 2025, pamene damu la zotsalira za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia linagumuka pafupi ndi Chambishi n'kukhuthulira malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi mu Mwambashi ndi mu Kafue malinga ndi ziwerengero zoyamba, nsomba n'kuyandama, mipope ya mzinda wa Kitwe n'kutsekedwa, boma n'kumathira laimu mumtsinje kuchokera m'ndege. Laimu amapha asidi, koma zitsulo amangozimiza m'matope a pansi. Dziko la Malawi, limene latsegulanso mgodi wa Kayelekera ndipo likuyembekezera wa Kangankunde ndi wa Kasiya, likulonjeza kuti lidzalondera madamu a migodi pamene likulephera kulondera mapaipi a mafakitale a ku Makata amene munthu angathe kuwawerenga akuyenda wapansi.

Choncho a Mkulu akupemphedwa kuti atulutse poyera zotsatira za kuyeza madzi a mitsinje ya Mudi, Naperi ndi Limbe, chitsulo ndi chitsulo, nyengo ya mvula ndi yachilimwe, pamodzi ndi mayina a mafakitale amene ali ndi chilolezo chotayira madzi oipa ndi amene alibe. Aitane akatswiri a Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi a yunivesite ya MUBAS, asankhe paipi imodzi yokha, aikepo thanki ya chammwamba kapena ya makala a mankhusu, wolipira akhale mwini fakitale monga lamulo la 2017 likunenera za woononga chilengedwe. Ngati zimenezi zinachitika kale, lipoti lake lichoke m'kabati, chifukwa alimi a m'madimba sanaliwerengepo, ndipo msonkhano wina wa kunyanja wokhala ndi maalawansi sudzachotsa miligalamu ndi imodzi yomwe ya mtovu m'madzi amene akuthirira mpiru wa mawa.

Wokhudzidwa,
Nzika ya mumzinda wa Blantyre