Makutu Kapena Maso: Mabuku a Chaka Chino ku Workington

Workington ndi dera la mafakitale, la malole onyamula ufa ndi nyama, ndi nyumba yakale yopangira magetsi ya pa Coventry Road. Amene timagwira ntchito kuno timagona kwina: ku Rugare, Kambuzuma, Mufakose, Mbare ndi Highfield. Ena timabwera pa kombi, ena wapansi. Munthu wokonda mabuku kuno mpata wake waukulu amaupeza panjira, ndipo panjira maso amakhala ndi ntchito yawoyawo. N'chifukwa chake mabuku anga a chaka chino agawika pawiri. Ena ndinawawerenga papepala, ena anachita kundiwerengera munthu wina m'makutu kudzera pa foni. Anzanga ena amati kwachiwiriku si kuwerenga ayi, n'kumvera wailesi chabe. Ena amati pepala n'la anthu opuma pantchito, okhala ndi khonde ndi nthawi. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka.

Buku limene linandikomera koposa m'makutu ndi Glory la NoViolet Bulawayo, lomwe linatuluka mu 2022 n'kufika pamndandanda womaliza wa mphoto ya Booker. Ndi nthano ya dziko la nyama lotchedwa Jidada, lolamulidwa ndi hatchi yokalamba imene yakakamira pampando mpaka asilikali ake omwe aichotsa. Amene anali mu Harare mu Novembala 2017, pamene zoterezi zinachitikadi, safuna womumasulira. Bukuli n'lalikulu, masamba oposa 400, ndipo mlembi amabwereza mawu mwadala, kutsanzira malankhulidwe a pamisonkhano ya chipani ndi a m'matchalitchi a aneneri. Papepala kubwerezako kumalemetsa zikope, diso limangofuna kudumpha. Koma Chipo Chung, katswiri wa zisudzo wokulira kuno ku Zimbabwe amene anajambula bukuli, akamawerenga kubwereza komweko kumasanduka nthabwala yoluma. Umamva khamu likuwomba m'manja mwamantha, umamva wotamanda mtsogoleri akutha mpweya. Ndinaseka ndekha m'kombi anthu n'kumandiyang'ana.

Lachiwiri ndi The Book of Memory la Petina Gappah, la mu 2015. Wofotokoza nkhani ndi Memory, mayi wachialubino amene ali kundende ya Chikurubi akudikira chilango cha imfa pa mlandu wopha mzungu amene anamulera. Ubwana wake unali wa ku Mufakose. Bukuli ndi munthu mmodzi akudzifotokoza yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo nkhani yotere imayenda bwino ndi mawu apakamwa. Kuimva uli m'kombi yolowera ku Mufakose komweko kumaipatsa kulemera kwina.

Amene amanyoza kumvera amaiwala kuti ife a Chinyanja nthano zambiri tinazilandira ndi makutu, ngakhale m'tauni. Mu 1949 ku Lusaka kunayamba kugulitsidwa kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, ndipo wailesi ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa m'zilankhulo za anthu akuda, Chinyanja chili momwemo, kufikira ku Nyasaland ndi kuno ku Southern Rhodesia. Agogo athu amene anabwera wapansi kapena pa malole a Ulere kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi kunjanji, ambiri sanapite patali ndi sukulu, koma madzulo ankamva chilankhulo chawo kuchokera m'kabokosi. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo anatchuka pa wailesi ya Zambia ndi pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi ankakhala wofotokoza, n'kukhalanso mfumu, nkhalamba, mtsikana ndi kalulu, aliyense ndi liwu lake. Nthano zake zinayamba ndi pakamwa, ndipo zina zinadzalowa m'buku patapita zaka, Ernst Wendland atazilemba. Wowerenga bukulo amapeza mawu onse, koma Chongo mwini samupezamo. Ku Malawi nakonso anthu anakulira pa Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC. Palibe amene ankati omverawo akubera.

Asayansi nawo anaponyapo mawu. Mu 2019 ofufuza a payunivesite ya California ku Berkeley anaunika ubongo wa anthu 9 pamene ankamvera nkhani ndiponso pamene ankawerenga nkhani zomwezo, n'kupeza kuti mbali za ubongo zogwira tanthauzo zinkagwira ntchito mofanana kwambiri. Okonda mahedifoni amaikonda nkhaniyi. Koma anthu aja anali atagona phee m'makina, popanda mahwindi okuwa poitanira makombi, popanda wokupempha kuti umupatsire chenje kumbuyo.

Apa ndi pamene pepala limayambira kubweza. Mawu a m'makutu sadikira munthu. Maganizo akangothawira ku lendi kapena ku fizi ya mwana, wowerengayo amapitirira, ndipo pobwerera umapeza kuti munthu wafa kale m'nkhanimo osadziwa kuti wamupha ndani. Diso likasochera, tsamba limakhala pomwepo kukuyembekeza. Pali mabuku amene amafuna kuyembekeza kotere. The House of Hunger la Dambudzo Marechera, la mu 1978, limene linapata mphoto ya Guardian mu 1979, n'laling'ono koma nthawi yake imadumphadumpha. Uli m'bawa, mwadzidzidzi uli paubwana, kenako uli m'mutu mwa munthu amene akusokonezeka. Ndinaliwerenganso papepala chaka chino, chala chili patsamba lam'mbuyo, ndipo sindikhulupirira kuti likanalowa ndikudumpha zithaphwi za mu Lytton Road. Chimodzimodzinso This Mournable Body la Tsitsi Dangarembga, la mu 2018, lotsatira Tambudzai wa mu Nervous Conditions atakula, ntchito itamuthera, akuzungulira mu Harare ndi manyazi ndi nsanje. Mlembi amamutchula kuti "iwe" buku lonse, moti wowerenga amakhala ngati akuimbidwa mlandu. Buku lotere umafuna kulitseka kaye, kupuma, n'kudzifunsa ngati amene akunenedwayo si iwe ndithu. Batani loimitsa lilipo pa foni, inde, koma ndi angati amalidina kuti aganize?

Palinso nkhani ya munthu wachitatu. Papepala muli awiri, mlembi ndi iwe. M'makutu mumalowa wina pakati, ndipo iye ndiye amasankha amene akwiye, amene anyoze, ndi poti apumire. Akakhala wodziwa ntchito amakongoletsa buku. Akakhala woti sanapondepo kuno, mayina a anthu ndi a malo amatuluka opindika, ndipo nkhani ya kwanu imamveka ngati ya dziko lina. Buku lina la ku Africa kuno ndinalisiya pakati pa chifukwa chimenechi, mlembi wosalakwa kanthu.

Za ndalama sizikomera mbali imodzi. Audible, kampani ya Amazon imene ili ndi mabuku omvera ambiri, imafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja mwezi ndi mwezi, pamene ambiri kuno timayendera madola a m'thumba ndi EcoCash. Buku la maola oposa khumi limadya bandulo, ndipo bandulo ya WhatsApp imene ambiri timagula silitsegula. Aulere alipo pa LibriVox, imene inayamba mu 2005, koma kumeneko n'kwa mabuku akale amene umwini wawo unatha, a Dickens ndi anzawo. Marechera simungamupezeko. Komanso buku latsopano lapepala m'sitolo za m'tauni mtengo wake umaposa ndiwo za masiku angapo. Kusiyana n'kwakuti buku lapepala likagulidwa kamodzi limayenda. Langa la Gappah lafika ku Glen Norah ndi ku Dzivarasekwa, labwerako lopanda chikuto, koma lawerengedwa. Ndipo Harare City Library ikadalipo pa Rotten Row kwa amene angafikeko isanatseke.

Magetsi nawo amaweruza uku ndi uku. Mu 2019 ndiponso kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku. Wina anganene kuti pamenepo pepala lapambana chifukwa silifuna kutchaja. Koma pepala limafuna kuwala, ndipo kandulo ndi ndalama. Amene watchajira foni kuntchito amagona mumdima nkhani ikuyenda m'makutu, osadzutsa ana amene agona m'chipinda chomwecho. Mlonda wa usiku pa geti la fakitale ndiye ali pakati: maso ake ndi omasuka kuposa makutu, chifukwa makutuwo ndiwo analembedwa ntchito. Woyenda wapansi kusanache ndi mahedifoni m'makutu onse awiri nayenso akudziika m'manja mwa akuba ndi madalaivala.

Pa kuba ntchito za alembi, mbali zonse n'zodetsedwa. Mabuku ambiri oyalidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni ndi ofotokopa, makamaka a sukulu, ndipo mawu ojambulidwa amene amazungulira pa mafoni nawo sanalipiridwe. Chosangalatsa n'chakuti pali achinyamata amene akulemba nthano zazitali za Chishona pa WhatsApp, chigawo ndi chigawo, owerenga n'kumalipira pa EcoCash kuti aone mathero. Amenewo akuwerenga ndi maso, ngakhale si papepala. Za ana ndilibe mbali ziwiri: mwana amaphunzira kalembedwe poona mawu, ndipo mayeso a ZIMSEC salembedwa ndi makutu. Za akhungu ndi okalamba amene maso afooka ndilibenso mbali ziwiri. Kwa iwo buku lomvera ndilo buku, ndipo laibulale ya Dorothy Duncan muno mu Harare yakhala ikuwatumikira ndi mabuku a zilembo za akhungu ndi omvera.

Mabuku awiri amene anandigwira mtima kuposa onse chaka chino ndi a Chichewa, ndipo onse anafika ndi m'bale wochokera ku Lilongwe, mapepala atachita chikasu. Loyamba ndi Nthondo la Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 n'kulitcha Man of Africa. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wosamva, maulendo ake, mpaka kukhala mfumu ndi Mkhristu. Fungo la mishoni lilimo, makamaka kumapeto, koma Chichewa chake n'chokhuta, cha anthu odziwa kuweruza mlandu pabwalo. Lachiwiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, lozikidwa pa nthano yakale ya abale awiri opita kukafuna chuma kutali, wina n'kupha mnzake panjira yobwerera chifukwa cha nsanje, mbalame n'kuulula ndi nyimbo. Kwa ife adzukulu a matchona, nkhani ya wopita kuntchito osabwerera kwawo si nthano wamba.

Buku la Gwengweli ndinawawerengera azakhali anga mokweza Lamlungu lina. Iwo anabadwira kuno, Chichewa amalankhula tsiku ndi tsiku, koma kusukulu anaphunzira kuwerenga Chishona ndi Chingerezi, ndipo tsopano maso awavuta. Titafika pa mbalame ija anandidula. "Iwe, imeneyo sawerenga, amaimba," anatero, n'kuyamba kuimba monga ankaimbira amayi awo. Papepala panali mawu okha. Chuni chinali mwa iwo.

Vuto lathu lagona pamenepa. Anthu ngati azakhali alipo ambiri ku Rugare, ku Mbare, ku Mabvuku ndi ku Tafara: akumva Chichewa, akupemphera m'Chichewa, akuvina Gule, koma tsamba la Chichewa limawachedwetsa. Kwa iwo makutu ndiye khomo lalikulu. Koma akatsegula foni kufuna buku lomvera la Chichewa, chimene amachipeza msanga ndi Baibulo, chifukwa mabungwe a mipingo anaika ndalama ndi khama kulijambula. Nthano za Nthara, Gwengwe, Chadza, Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi zikadali papepala, ndipo pepalalo m'masitolo a mu Harare mulibe. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 anavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo chifukwa cha ndondomeko ya zilembo. Ulemu umenewo sunabweretse buku ndi limodzi lomwe ku Mufakose.

Chigamulo changa n'chotere. Pa mabuku a Chingerezi, kusankha kumadalira buku: lokhala ndi liwu limodzi lamphamvu, ngati Glory, ndilimvera, lopotana, ngati la Marechera, ndiligwira m'manja. Onse ndimawawerengera pa mabuku amene ndamaliza chaka chino, ndipo wotsutsa abwere tikambirane za m'kati mwake tione amene wagwira zambiri. Koma pa mabuku a Chichewa kuno ku Zimbabwe, makutu ndiwo ayenera kutsogola, chifukwa omva ndi ambiri kuposa owerenga.

Zipangizo zilipo kale. National FM ya ZBC, imene ili ku Mbare, imaulutsa m'Chichewa pakati pa zilankhulo zina. Sinodi ya Harare ya CCAP ili ndi akulu ampingo ndi amayi a chigwirizano odziwa kuwerenga mokweza Lamlungu lililonse. Chotsala n'chilolezo cha osindikiza mabuku a ku Malawi ndi mabanja a alembi, pamodzi ndi malipiro awo oyenera, kuti tisaonjezere kuba pa kuba. Inu osindikiza a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, jambulani mabukuwa ndi owerenga odziwa kuimba pamene mbalame ikuimba, muwagulitse pa mtengo woti munthu alipire pa foni. Ndipo inu amene muli ndi buku la Chichewa m'sutikesi, litulutseni sabata ino muwawerengere akuluakulu a pakhomo panu.