Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma dzina lake lili pa pepala?

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu unabadwira pa bwalo lopanda mpanda. Loweruka masana ku Kabulonga, mu Lusaka, umatsalira kunja kwa geti, pomwe mlonda amawerenga mayina a ana oitanidwa ku phwando la tsiku lobadwa. M'katimo muli jumping castle, wopaka ana utoto kumaso, wojambula zithunzi ndi keke ya nsanjika zitatu. Wosalembedwa abwerere kwawo.

Malire amenewa si a lero. Lusaka itakhala likulu mu 1935, atsamunda anapatsa Azungu mapuloti akuluakulu, ndipo Kabulonga ndi Woodlands zinadzakula motero. Anthu akuda ogwira ntchito anawaunjika ku Kabwata m'tinyumba tozungulira, tina tomwe tikuonekabe ku Kabwata Cultural Village. Ufulu unabwera mu 1964, mapuloti anasintha eni, koma mipanda inangokwera.

Ku mafulati a ku Kabwata phwando silibisika. Wailesi ikangolira, ana a buloko yonse afika, ena osasamba n'komwe. Mayi amadula keke imodzi ya ku Shoprite tizidutswa topyapyala, naonjezera mpunga ndi vitumbuwa, zakumwa akuthira madzi mobwereza. Mumva wina akuti, "Uyo wa nyumba yachiwiri, nayenso mpatseni." Sindikutamanda umphawi ayi, pakuti nkhuku imodzi pa ana makumi awiri si nkhani yoseketsa. Komabe palibe mwana amene amabwezedwa pakhomo.

Amene ndimawadera nkhawa ndi apakati, monga aphunzitsi, anamwino ndi antchito a boma a ku Chelstone, ena mwa iwo okhala m'nyumba za khonsolo zomwe makolo awo anagula pa nthawi ya Pulezidenti Chiluba mu 1996. Amadzimana kuti mwana apite ku sukulu yolipira, ndipo kumeneko amakhala desiki imodzi ndi mwana wa ku Woodlands. Tsiku lina abwera ndi kapaketi ka masiwiti ndi zidole, nati, "Amayi, phwando langa tikachitire ku East Park Mall." Mayi akane bwanji? Ndalama ya chilimba, yomwe inali ya fizi, ipita ku mabaluni a mtundu umodzi ndi malaya osindikiza nkhope ya mwana. Ikaperewera, bambo apita kwa wa kaloba. Zithunzi za pa Facebook zimawala ndithu, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthawi zina mwini phwando amakhala wa chaka chimodzi, amene amalira chifukwa cha phokoso n'kugona keke isanadulidwe, akuluakulu n'kutsala ndi nyama yowotcha ndi mowa wa Mosi mpaka usiku.

Chimene chathyola mwambi uja kwenikweni ndi kulipira pa mutu. Chitsegukire masitolo a Manda Hill mu 1999, maphwando ambiri achoka pakhomo n'kupita ku malo odyera ndi osewerera ana, kumene mwana aliyense ali ndi mtengo wake. Pa mphika wa mpunga mlendo wosayembekezeka amangochepetsa chipande. Pa risiti amakhala ngongole. Ndiye makolo amayamba kusefa, ndipo woyamba kugwa ndi mwana wa wantchito wa m'nyumba, amene mayi ake amachoka ku Kalingalinga kapena ku Bauleni m'mamawa kudzakonza phwandolo. Mu Januwale 2024 malipiro ochepetsetsa a wantchito wotere anaikidwa pa K1,300 pa mwezi. Yerekezani nokha ndi mtengo wa keke ya nsanjika ija.

Masukulu olipira ali ndi mbali yawo, chifukwa ndiwo amalola keke ndi mapaketi kulowa m'kalasi sabata ndi sabata, ana akuonerana. Ahedi atafuna, akhoza kuika tsiku limodzi pa teremu loti ana onse obadwa m'miyezi imeneyo adulire keke imodzi, makolo atasonkha ndalama yofanana.