Windows 10 yasiyidwa: kodi Linux ingapulumutse makompyuta a m'zipatala zathu?

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zigamba zaulere zotetezera makompyuta oyendera Windows 10. Ngati muli ndi laputopu ya kaunjika yomwe mudagula ku Limbe, kapena mumagwira ntchito pa kiliniki ina ya ku Soche kapena ku Zingwangwa komwe kompyuta yolembera odwala ndi yomwe ija idabwera zaka khumi zapitazo, nkhaniyi ndi yanu. Kompyutayo siizima ayi. Iyakabe mawa ndi mkuja. Chomwe chasintha n'chakuti mbava za pa intaneti zikapeza mpata watsopano wolowera mu Windows 10, palibenso wobwera kudzatseka, pokhapokha mwalowa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi, yomwe kwa anthu wamba idakonzedwa kuti ikhale ya chaka chimodzi.

Microsoft ikuti samukirani ku Windows 11. Kunena n'kosavuta. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya zaka zaposachedwa. Pa za Intel, kwenikweni ndi zomwe zidayamba kutuluka mu 2017. Makompyuta ambiri omwe amafika kuno atagwira kale ntchito m'maofesi a kunja ndi akale kuposa pamenepo. Anyamata okonza makompyuta m'tauni amadziwa njira zozembera malamulowa, ndipo akuikirani Windows 11 pa mtengo wochepa, koma Microsoft idanena poyera kuti siilonjeza zigamba kwa kompyuta yoikidwa mwa njira imeneyo.

Mwina mukuti zigamba n'zachiyani pomwe kompyuta ikugwira ntchito. Mu May 2017, vairasi ya WannaCry idalowa m'makompyuta a zipatala za boma ku Britain n'kutseka mafayilo, eni vairasiyo n'kumafuna dipo. Odwala zikwizikwi adabwezedwa ndipo maopaleshoni ena adaimitsidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka mpatawo miyezi iwiri m'mbuyomo, koma makompyuta ambiri adali asadachilandire. Kwathu kuno, mu February 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowedwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo anthu adakhala masabata osapeza pasipoti. Nkhani ya mapasipoti ili ndi mbiri yakeyake, koma idatiphunzitsa kuti zoterezi si za kwa azungu kokha. Tsono ganizirani kompyuta yosunga mayina a anthu omwe amalandira ma ARV pa chipatala cha m'dera lanu. Pasipoti ikachedwa, ulendo umalephereka. Mndandanda umenewo ukatuluka, mabanja amagwedezeka ndipo ena amasiyiratu kukatenga mankhwala.

Apa ndi pomwe dzina la Linux likumvekanso. Linux ndi operating system, pulogalamu yaikulu yomwe imadzutsa kompyuta ndi kuyendetsa mapulogalamu ena onse, ntchito yomweyo imene Windows imagwira. Adayiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Kusiyana kwake n'kwakuti kapangidwe kake konse kali poyera: aliyense ali ndi ufulu wokaona, kukopera, kusintha ndi kugawira ena popanda kulipira laisensi. Ngati muli ndi foni ya Android m'thumba, muli kale ndi mtima wa Linux, chifukwa Android idamangidwa pa iyo.

Ife a zachipatala sitivutika kumvetsa phindu la chinthu chomwe wopanga wake si mmodzi. Pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, piritsi lomwe ambiri adayambira lidali Triomune, lopangidwa ndi kampani ya Cipla ya ku India, yomwe mu 2001 idatsitsa mtengo wa mankhwala atatu ophatikiza kufika pa madola 350 pa chaka pomwe makampani eni ake ankagulitsa madola oposa 10,000. Mankhwala ake adali omwewo, kungoti opanga adachuluka. Mapulogalamu apoyera amayenda mofananako.

Chifukwa aliyense angathe kuyisintha, Linux ilipo ya mitundu mazanamazana, ndipo munthu woyamba amasokonezeka pomwepa. Koma mitundu yomwe mungakumane nayo kuno ndi ya banja limodzi. Gogo wake ndi Debian, yomwe idayamba mu 1993 ndipo imasamalidwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko ambiri. Mu 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatenga Debian n'kuyipeputsa kuti munthu wamba athe kuyigwiritsa ntchito, n'kuyitcha Ubuntu, mawu omwe ndi umunthu wathu womwewu. Kuchokera ku Ubuntu kudabadwa Linux Mint, yomwe maonekedwe ake ndi oyandikira ku Windows moti kalaliki wozolowera Windows sachedwa kuyizolowera. Palinso Lubuntu ndi Xubuntu, zopepuka, za makompyuta okalamba okhala ndi RAM yochepa.

Si zachilendo m'zipatala zathu. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe lomwe lidadzatchedwa Baobab Health Trust adaika makompyuta ogwira ndi chala pa sikirini ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Adagula timakina totsika mtengo totchedwa i-Opener, tomwe ku America tidali titasiyidwa, n'kutisintha kuti tizilembera odwala. Mu 2006, pulogalamu yawo yotsatira odwala a ma ARV idayamba ku Queen Elizabeth Central kuno ku Blantyre, kenako idafalikira m'zipatala zambiri. Kapepala komata kokhala ndi timizere komwe mumakaona pa buku lanu la kuchipatala kadachokera kumeneko. Ntchitoyi idamangidwa pa Linux ndi mapulogalamu ena apoyera, ndipo inkayendera mabatire kuti magetsi akathima mzere wa odwala usaime. Pambali pa apo, DHIS2, momwe malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala amalowetsedwa, ndi pulogalamu yapoyera yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Kunena kwina, zipatala zathu zakhala zikudalira mapulogalamu apoyera kwa zaka zoposa makumi awiri, ambirife osadziwa.

Tsono ngati kompyuta ndi yanuyanu, kapena ndinu mwini kiliniki yaing'ono, mungayambire pati? Choyamba, tengani Linux pa tsamba lenileni la opanga ake, monga ubuntu.com, linuxmint.com kapena debian.org. Fayilo yake imatchedwa ISO ndipo ndi yaikulu: Ubuntu ya masiku ano imayandikira magigabaiti 6, Linux Mint pafupifupi 3. Ndi mitengo ya mabandulo masiku ano, imeneyi si nkhani yaing'ono, ndiye ambiri amakopera kwa mnzawo. Palibe cholakwa, malamulo a Linux amalola. Koma fayilo yoyenda m'mafulashi a anthu itha kuonongeka kapena kulowetsedwa zoipa. Opanga amasindikiza nambala yaitali yotchedwa checksum pa tsamba lawo, ndipo kufananitsa nambalayo ndi ya fayilo yanu kumadya data yochepa kwambiri. Zili ngati kuyang'ana chidindo ndi tsiku lothera mphamvu pa botolo la mankhwala musadampatse mwana.

Mukatero, lembani fayiloyo pa fulashi ya magigabaiti 8 kapena kuposa pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ngati Rufus. Dziwani kuti zonse zomwe zidali pa fulashiyo zifufutika. Pali inanso yotchedwa Ventoy yomwe imalola kuika mitundu ingapo pa fulashi imodzi, n'kumasankha poyatsa. Ubwino waukulu ndi uwu: mutha kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashi n'kuyesa Linux osakhudza chilichonse cha mu hard disk. Yesani Wi-Fi, mawu, pulinta, ndiponso ngati foni yanu ikutha kugawira kompyutayo intaneti. Mukazima n'kuchotsa fulashi, Windows yanu ibwerera momwe idalili. Musathamangire kudina Install tsiku loyamba.

Tsiku loika likafika, zinthu ziwiri ndi zomwe zimaliritsa anthu. China ndi kusakopera kaye mafayilo. Poika, pulogalamu imafunsa ngati mukufuna kufufuta disiki yonse kapena kuika Linux pambali pa Windows. Mukasankha kufufuta, zithunzi za ukwati ndi lipoti la kafukufuku wanu wa kukoleji zimapita osabweranso. Koperani zonse pa disiki ina, ndipo tsegulani mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Chinacho ndi magetsi. Akathima kompyuta ili mkati mogawa disiki, mutha kutsala opanda Linux komanso opanda Windows. Laputopu ya batire yakufa, zomwe ndi zambiri za kaunjika, musayiyambe ntchitoyi madzulo pomwe magetsi amakonda kuthima. Ndipo ngati mukhala zambiri za odwala, sankhani kuti disiki itsekedwe ndi mawu achinsinsi pomwe mukuika. Wakuba akathyola zenera n'kunyamula kompyutayo, apeza chitsulo chabe.

Pali chinthu chomwe okonda Linux sakonda kuchinena mokweza: nayonso imakalamba. Ubuntu imatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo nambala yake ndi chaka ndi mwezi, 24.04 ndi ya April 2024. Mwa zimenezi, yolembedwa LTS, yomwe imatuluka mu April zaka ziwiri zilizonse, ndiyo imalandira zigamba zaulere kwa zaka zisanu. Zinazo zimangosamalidwa miyezi isanu ndi inayi. Ubuntu 20.04 idamaliza zaka zake zisanu mu May 2025, Windows 10 isadasiyidwe n'komwe. Ya 22.04 ifika 2027, ya 24.04 ifika 2029. Choncho munthu amene wakuikirani Ubuntu 18.04 chifukwa ndi yomwe idali pa fulashi yake sadakuthandizeni. Wakuchotsani m'nyumba yodontha n'kukulowetsani m'ina yodontha. Mufunseni nambala, ndipo ngati palibe LTS kapena zaka zake zatha, kanani.

Palinso malo omwe Linux siingalowe. Makina ena a mu labotale, monga GeneXpert yoyezera TB, amabwera ndi kompyuta yawo ya Windows ndipo pulogalamu yake idalembedwera Windows. Imeneyo musayikhudze. Microsoft Word ndi Excel siziikika mwachindunji pa Linux. M'malo mwake muli LibreOffice, yomwe imatsegula mafayilo omwewo, ngakhale mafomu ovuta nthawi zina amasokonekera maonekedwe. Kwa wophunzira unamwino kapena udotolo yemwe ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga mabuku a PDF ndi kulowa pa intaneti, izi si vuto. Ndipo kompyuta ya boma kapena ya bungwe si yoti wogwira ntchito aliyense aziikapo zomwe wakonda, ngakhale atakhala ndi cholinga chabwino. Kumeneko kuli eni ake a zaukadaulo, ndipo lamulo loteteza zambiri za anthu lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, limaika udindo pa amene akusunga zambirizo.

Komwe ine ndikuona kuti nkhani yagona ndi ku ndalama ndi anthu. Laisensi ya Linux ndi yaulere, koma munthu wokonza seva ikafa Lolemba m'mawa, odwala atadzaza pa benchi ku Ndirande kapena ku Bangwe, amafuna malipiro, galimoto ndi mafuta. Kwa zaka zambiri, makompyuta a m'makiliniki a ma ARV akhala akusamalidwa ndi ndalama za boma la America kudzera ku PEPFAR, poyamba m'manja mwa Baobab, kenako Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Pomwe boma la Donald Trump lidaimitsa thandizo la kunja mu January 2025, zidaoneka poyera kuti chingwe chimenechi n'chopyapyala. Ubwino wa pulogalamu yapoyera ndi woti wopereka thandizo akachoka, sanyamula makiyi; kapangidwe kake kamatsala, ndipo Mmalawi wodziwa angapitirize. Koma Mmalawiyo akhalepo, ndipo akhale pa malipiro a boma. Ophunzira a zamakompyuta akutuluka chaka chilichonse ku MUBAS pa Chichiri pomwepa. Soche Technical College ili pakhomo. Kusowa kwathu si kwa mitu, ndi kwa mipando ya ntchito m'maofesi a zaumoyo a m'maboma.

Unduna ukadachita bwino kusankha mtundu umodzi wa LTS wa makompyuta akale olembera ndi kutumiza malipoti, kusiyana n'kuti chipatala chilichonse chizikhala ndi mtundu wake malinga ndi bungwe lomwe lidapereka. Katswiri mmodzi angasamale makompyuta makumi asanu ofanana, koma khumi osiyanasiyana amutopetsa. Kuyikanso zigamba kungapepuke: fayilo itatsitsidwa kamodzi ku ofesi ya boma, n'kugawidwa, m'malo moti chipatala chilichonse chizidya bandulo yake. Ndipo pa kompyuta iliyonse pamatidwe kapepala konena mtundu womwe uli mkatimo ndi chaka chomwe zigamba zake zithe, monga timachitira ndi mankhwala ku famase. Inu amene muli mu komiti ya chipatala cha m'dera lanu, pa msonkhano wotsatira funsani mafunso awiri: kompyuta yosunga mayina athu ikuyendera chiyani, ndipo idalandira liti chigamba chomaliza?