Wamisala Anaona Nkhondo

Ana anga a ku Feira, kuno kumene Luangwa amatsira madzi ake mu Zambezi tili ndi manda amene dziko lonse la Zambia limawadziwa. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Ian Smith anaoloka kuchokera ku Rhodesia, ndege zikulira m'mwamba, n'kudzathira moto pa Kavalamanja, pomwe panali msasa wa ZIPRA, ankhondo a Joshua Nkomo. Anafa omenyera ufulu wa Zimbabwe, anafa asilikali a Zambia, anafanso anthu wamba amene mlandu wawo unali kumanga mudzi m'mbali mwa mtsinje. Masiku ano Malichi akafika, akuluakulu a boma ndi a usilikali amabwera kudzakumbukira za Kavalamanja ndi za mudzi wa Kakaro, nkhata za maluwa n'kuikidwa. Zimenezo nzoyenera, ndipo zisadzathe.

Koma alipo akufa ena amene sitiwaikira ngakhale duwa limodzi. Ndikunena abale athu odwala misala.

Chipatala cha Chainama ku Lusaka chisanatsegulidwe mu 1962, boma la atsamunda linkatumiza odwala otere ku Ingutsheni, ku Bulawayo, malo amene anatsegulidwa mu 1908. Taganizani munthu wolankhula Chinsenga kapena Chikunda, mutu wasokonekera kale, akum'kweza sitima kupita kudziko kumene palibe wom'dziwa dzina la agogo ake. Ena sanabwerere. Anaikidwa ndi alendo, popanda namfedwa, popanda adzukulu a kumudzi, ndipo chiliza sanamangiridwe.

Atsamunda tingawanene mmene tingathere, koma za lerozi nzathu. Wodwala timam'perekeza ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 300, kudzera pa mlatho wa Luangwa. Mwezi woyamba timapita kukazonda. Kenaka timati ndalama yoyendera yasowa, chilala chavuta, njovu zatha chimanga kumunda. Zoona zake, ena a ife mtima umakhala pansi kuti wotichititsa manyazi uja wachoka pakhomo. Munthu akamwalira kutali kotero popanda wodzatenga mtembo, akhonsolo ndiwo amakaika, pamodzi ndi mitembo ina yosowa eni, kumanda ngati a Chingwere. Chibale ndi fupa, sichiola. Nanga chathuchi chaola bwanji munthu akadali moyo?

Makolo anati wamisala anaona nkhondo. Iye uja anathamangira m'mudzi kukachenjeza kuti adani ali pafupi, anthu n'kumuseka, mpaka mikondo inawapeza ali pa mowa. Amene anapeka mwambiwu ankadziwa kuti munthu sasiya kukhala munthu chifukwa nzeru zazungulira. Ngati mawu ake ngoyenera kuwamva, mtembo wake ungalephere kuulira? Ndipo pakati pa msilikali ndi wamisala mpata wake ngwaung'ono kuposa mmene mukuganizira. Nkhondo siipha ndi chipolopolo chokha. Munthu woti waona mudzi wake ukupsa, anzake akugwa pambali pake, akhoza kubwerera thupi lili lamphumphu koma tulo osatipezanso, akumva ndege usiku kulibe ndege. Wogwa pankhondo timam'lizira lipenga. Wopulumuka amene mutu unavulala, ana amam'ponya miyala pamsika.

Misala ndi matenda, ana anga, ndipo mankhwala ake alipo. Musamathamangire kunena kuti anakhwimira chuma kapena wam'lodza ndi amalume ake. Boma nalo mu 2019 linakhazikitsa lamulo latsopano losamalira odwala maganizo, kuchotsa la atsamunda lomwe linkawatchula ndi mayina achipongwe. Mbale wanu akayamba kulankhula zosalunjika, musam'mange chingwe pamtengo. Pitani naye msanga kuchipatala cha Katondwe kapena cha boma. Akam'tumiza ku Lusaka, siyani kwa anamwino nambala ya foni yogwira, dzina la mudzi ndi la amfumu. Sonkhani ndalama ya ulendo wokazonda monga musonkhera ya maliro, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu mafumu athu, Agogo a Mburuma ndi a Mphuka, ndikupempha ndi ulemu: uzani anyakwawa kuti asunge kaundula wa anthu awo amene ali m'zipatala zakutali, ndipo wina akamwalira, mudzi usonkhe, mtembo ubwere kwawo. Aphunzitsi nanunso, mukapita ndi ana a sukulu ku Kavalamanja, itanani nkhalamba zimene zinathawa moto wa 1978 zikadalipo, zitchule mayina a akufa ndi a odwala omwe, ana alembe m'makope.