LUPANGA LA KU KOREA: LA MAKOLO KAPENA LA DZULODZULOLI?

Lero ndabwera ndi nkhani ya lupanga. Ndi yaitaliko, koma werengani mpaka pansi, bandulo sithera pamenepa.

Mwina munaonapo pa Facebook kapena pa TikTok anyamata a ku Korea akudula nsungwi ndi mitolo ya udzu ndi lupanga, kamodzi kokha phwa, yagwa. Ambiri a iwo amachita masewera otchedwa Haidong Gumdo. Eni ake akhala akuuza ophunzira kuti luso limeneli linachokera kwa ankhondo otchedwa Samurang a mu ufumu wakale wa Goguryeo, uja wa mufilimu ya Jumong, umene unagwa mu 668. Nkhani yokoma, eti? Vuto ndi lakuti m'mabuku akale a mbiri ya Korea mulibe ankhondo a dzina limenelo.

Haidong Gumdo anaiyambitsa ndi amuna awiri, Kim Jeong-ho ndi Na Han-il, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Na Han-il yu ndi wochita mafilimu. Awiriwa atayambana n'kukokerana kukhothi, m'pamene zinaululika kuti masitepe awo anawatenga ku masewera ena awiri amene anaphunzira, Gicheon ndi Shim Gumdo. Shim Gumdo yo anaiyambitsa ndi mmonke wachibuda, Kim Chang-sik, amene pambuyo pake anasamukira ku Boston. Ndiye luso lomwe ankati ndi la makolo akalekale, madala ambiri a pagombe pano ndi aakulu kuliposa.

Palinso Kumdo, ija amamenyana ndi ndodo zansungwi atavala chigoba kumaso ndi chotchinga pachifuwa. Iyi ndi mphwake wa Kendo ya ku Japan. Dzina lenilenilo amalilemba ndi zilembo zachitchaina zofanana, kusiyana kwake ndi katchulidwe basi. Inazika mizu ku Korea nthawi imene Japan inkalamulira dzikolo, kuyambira 1910 mpaka 1945, makamaka kupolisi ndi m'masukulu. Bungwe la Korea Kumdo Association linakhazikitsidwa mu 1953. Anasinthako zina ndi zina, mwachitsanzo mbendera za oyimbira ndi zabuluu ndi zoyera pomwe ku Japan ndi zofiira ndi zoyera. Komabe ena amalimbikira kuti gwero lake ndi anyamata a Hwarang a mu ufumu wa Silla.

Tisawaseke msanga, amwene. Anthu amene analamulidwa zaka 35 ndi mlendo, mpaka kukakamizidwa kutenga mayina achijapani, sizophweka kuti aime pagulu n'kunena kuti masewera ndimakondawa anandiphunzitsa ndi yemwe ankandipondereza uja. Ululu umenewo ndi weniweni ndipo ine ndikuumvetsa. Koma ululu susandutsa nthano kukhala mbiri.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi choti makolo awo enieniwo analibe manyazi amenewa. Mu 1592 Japan inathira nkhondo Korea, ndipo asilikali a ku Korea anaona okha kuti pa lupanga akuchepa. Mu 1598 analemba buku lophunzitsira asilikali lotchedwa Muyejebo, potengera buku la mkulu wa asilikali wa ku China, Qi Jiguang. Kenako Mfumu Jeongjo inalamula kuti palembedwe buku lalikulu, Muyedobotongji, limene linatuluka mu 1790. Analilemba ndi Yi Deok-mu, Park Je-ga ndi Baek Dong-su, ndipo muli njira 24 zomenyera nkhondo, zina zapansi zina zapakavalo, zojambulidwa sitepe ndi sitepe.

Tsono tamvani mayina a njira za lupanga m'bukumo. Ina ndi Bonguk geom, kutanthauza lupanga la kwathu kuno. Ina ndi Jedok geom, yotchulidwa polemekeza mkulu wa asilikali a ku China amene anabwera kudzathandiza pankhondo ija. Ina ndi Waegeom, kutanthauza lupanga la Ajapani, ndipo bukulo limanena poyera kuti msilikali wina, Kim Che-geon, anakaliphunzira kwa Ajapaniwo. Mwaona? Mfumu yathunthu kulemba m'buku la boma kuti ichi n'chathu, ichi tatenga kwa mnzathu, ichi tatenga kwa mdani. Iwo ankadziwa kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pankhondo chofunika ndi kubwerera kunyumba wamoyo. Buku limeneli UNESCO inaliika m'kaundula wa zolembedwa zofunika padziko lonse mu 2017, ndipo mumzinda wa Suwon anthu amaonetsa masitepe ake kwa alendo. Amenewanso amachita kuwadzutsa kuchokera pa zithunzi ndi mawu a m'bukumo, chifukwa mzere wa mphunzitsi ndi wophunzira unaduka panjira.

Wina afunsa kuti nanga zili ndi kanthu ngati masewerawo akulimbitsa thupi ndi kuphunzitsa mwambo? Ine ndikuti zili ndi kanthu. Wophunzira amalipira ndalama, amagula yunifolomu ndi lupanga, amalipiranso mayeso a lamba aliyense. Ngati chimene chinamukopa ndi nkhani ya ankhondo akale, ndiye kuti wagulitsidwa katundu amene mulibe m'thumbamo. Komanso mphunzitsi amene wakunamiza za komwe luso linachokera, udzamukhulupirira bwanji akakuuza kuti sitepe iyi idzakupulumutsa pangozi?

Ndipo bodzalo silofunika n'komwe. Mu 2006 ku Taipei, timu ya amuna ya South Korea inatenga chikho cha dziko lonse cha Kendo, koyamba kuti chichoke m'manja mwa Japan. Anachitenga ndi thukuta lawo, Hwarang panalibepo. Ifenso kuno injini ya Yamaha ili kumbuyo kwa boti ndi ya ku Japan, palibe amanama kuti anaisema ndi agogo ake, koma usipa umene yabweretsa pagombe ndi wathu. Chinthu chimakhala chako chifukwa wachigwirira ntchito n'kuchidziwa bwino.

Ndiye magaye, mukakumana ndi mphunzitsi wa masewera aliwonse omenyana, kaya a lupanga, kaya karate, kaya taekwondo, mufunseni mwaulemu mafunso atatu. Munaphunzira kwa ndani? Iwowo anaphunzira kwa ndani? Zinalembedwa pati? Wachilungamo adzakutchulirani mayina ndi zaka mosavuta, ngakhale zitakhala zaka 40 zokha. Akayamba za nkhalamba yosadziwika ya pamwamba pa phiri, gwirani thumba lanu.

Tumizirani anzanu okonda mafilimu a karate aja. Amene simukugwirizana nane, yankhani pagulupu pompano, tikambirane. Opita kunyanja usiku uno, muyende bwino.